Manachesi mumanenerera, galimoto mumangosaina

Ku Mwanza kulibe showroom ya magalimoto apamwamba, ndipo sitikusowa wotiuza zimenezo. Koma magalimoto amenewa timawaona ife Blantyre asanawaone. Amatulukira ku Zobue atakwezedwa pa mathiraki, mipando ikadali m'mapulasitiki, nambala alibe, n'kuima pachipata kudikira a MRA. Akathana nawo amatsetsereka ndi msewu wa M6, kuwoloka Shire pa Zalewa, ulendo wa kutauni. Pakapita masabata angapo ena amabwerera kuno, tsopano ali ndi nambala, magalasi akuda, mwini wake atakhala kumbuyo. Ndili ndi funso limodzi kwa mwini wakeyo, ndipo sindifunsa monong'ona. Bwana, galimoto imeneyi mudanenerera?

Musachite ngati simunamve. Ndikufunsa chifukwa luso la kunenerera muli nalo, ndipo ife a kuno ndife mboni. Aliyense amene adaimapo m'mbali mwa msewu wathu mu June kapena July, manachesi atapsa, akudziwa zimene ndikunena. Galimoto yaikulu imaima, injini osazimitsa. Galasi limatsika theka lokha kuti fumbi lisalowe. Amayi amathamangira ndi mabeseni, wina mwana ali kumsana.

"Mulu bwanji?"

"K2,000, bwana."

"Iii, mayi, mukufuna kundibera dzuwa likuswa mtengo? Kumtundaku akugulitsa K1,000."

"Awa ndi otsekemera, bwana, talawani."

Bwana amalawa limodzi, n'kusenda lina. Kenaka galimoto imayamba kusuntha pang'onopang'ono, dala, ndipo mayi uja amaithamangira, beseni lili m'manja, akukuwa kuti chabwino, tengani pa K1,200. Bwana amaima. Ndalama amaziwerenga kawiri. Asanakweze galasi amafunsa kuti, "Nanga basela?"

Mayi uja sanagonje chifukwa choti bwana ali ndi mfundo. Wagonja chifukwa manachesi sadikira munthu. Akagona masiku angapo amafota, ena amaola, ndipo iye walawira m'bandakucha kumudzi, wasenza beseni mtunda wonsewo, firiji alibe, kunyumba ana akudikira ufa. Mtengo umene udabala manachesiwo adausamala zaka usanampatse kanthu. Bwana akudziwa zonsezi. Akudziwa kuti iye angathe kuchoka koma mayiyo sangathe, ndipo mphamvu yake yonse ili pamenepo.

Tsopano mtsatireni munthu yemweyu ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Chitseko chagalasi, pansi ponyezimira, mnyamata wa tayi akumulandira ndi manja awiri. Khalani apa, bwana. Tiyi kapena khofi, bwana? Amuonetsa mipando yachikopa, amutsegulira buti, amulizira injini. Kenaka pepala limabwera, quotation, pansi pake pali nambala yaitali yodzaza ndi maziro. Ndipo munthu uja amene amabangula pamsewu wa Mwanza amangoti zii. Pakamwa pauma. Mafunso amene amatuluka ndi awiri okha: yoyera ilipo, ndipo ifika liti? Cholembera chili kale m'manja.

Chavuta n'chiyani, bwana? Lilime lija lapita kuti?

Ndikuuzani chimene chavuta: manyazi. Mukuopa kuti mnyamata wa tayiyo angaganize kuti ndalama zanu n'zoperewera. Mukuopa kuti nkhani ingatuluke m'tauni yoti uje amalira pogula galimoto. Mwabwera kudzagula ulemu pamodzi ndi galimotoyo, ndiye mukuona ngati kufunsa kuti achotseko kungakuvuleni suti. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Koma manyazi anuwa ndi osankha malo. Pamaso pa munthu wovala tayi amakugwirani pakhosi, pamaso pa mayi wovala chitenje chakutha amakuthawani. Amenewo si manyazi a munthu waulemu ayi. Ndi mantha kwa wamphamvu ndi nkhanza kwa wofooka, zitavala malaya amodzi.

Mundiuza kuti, "Iwe wa ku Mwanza ukudziwa chiyani? Galimoto yatsopano si kaunjika. Mtengo wake ndi wokhazikika, umachokera ku fakitale." Zoona? Tiyeni tiuphwasule mtengowo tione zimene zili m'kati.

Hilux ndi Fortuner amazipanga ku Prospecton, ku Durban. Mercedes-Benz ya C-Class imatuluka ku East London, BMW X3 ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria, Ford Ranger ku Silverton. Land Cruiser ndi Prado zimachokera ku Japan pa sitima ya pamadzi. Yobwera pamsewu kuchokera ku South Africa imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenaka Zobue, n'kufika pakhomo pathu pano. Pa mtengo wa ku fakitale pamaonjezeka ndalama ya mayendedwe ndi inshulansi ya panjira. Pachipata a MRA amaikapo msonkho wolowetsera katundu, msonkho wa excise umene umakula malinga ndi kukula kwa injini, ndi VAT pamwamba pake. Mpaka apa ndikuvomera. Ndi a MRA simunganenerere, ndipo amene amayesa kutero kudzera mwa madobadoba akuchita umbava, osati malonda. Koma nkhani sithera pachipata. Pamwamba pa zonsezi pali phindu la wogulitsa, ndipo phindu limenelo silidalembedwe m'buku lililonse la malamulo a dziko lino. Adaliika ndi munthu. Munthu yemweyo angalitsitse.

Sindikunena kuti wogulitsa magalimoto ndi wakuba. Ndi wamalonda basi. Ali ndi lendi, ali ndi antchito, ali ndi ngongole ku banki. Galimoto ikakhala pa showroom miyezi osagulidwa, ndalama zake zagona pansi uku chiwongoladzanja chikuyenda. Chaka chikamatha, mtundu watsopano ukamayandikira, yakaleyo imayamba kumulemera. Nayenso katundu wake amafota, kungoti amafota mwakachetechete. Ndipo anthu okhoza kugula galimoto ya mamiliyoni mazana angapo m'Malawi muno si chinamtindi. Ndi ochepa, amadziwana mayina. Ndiye pakati pa inu ndi wogulitsayo, akufuna mnzake kwambiri ndani? Mphamvu ija mudaigwiritsa ntchito pa mayi wa beseni, yokhoza kuchoka, mu showroom muli nayonso. Bwanji mumaisiya panja?

Ndipo kunenerera galimoto sikungoti "chotsaniko" kamodzi n'kukhala chete. Pali mafunso amene munthu wosamala ndalama zake sangatuluke osafunsa. Mtengo wa galimoto umayambira m'madola kapena m'marandi, kenaka amausandutsa makwacha. Ausandutsa pa mtengo uti wa dola? Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kudumpha kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Ganizirani munthu amene adali atapereka dipoziti sabata imeneyo popanda kulembetsa papepala kuti mtengo waima pomwepo. Ndiye funsani: quotation iyi ikhala masiku angati? Kwacha ikagwa galimoto ili pa Tete, kusiyanako alipira ndani, inu kapena ine? Sevisi yaulere ndi ya zaka zingati, makilomita angati? Chipangizo chikafa chimapezeka m'dziko muno, kapena galimoto idzakhala pa miyala miyezi itatu kudikira katundu? Chitsulo cha kutsogolo ichi, magalasi akuda awa, makapeti awa, adaitanitsa ndani, ndipo popanda zimenezi mtengo ukhala bwanji?

Ngati mukupereka galimoto yanu yakale kuti ilowe m'malonda, malizani kaye mtengo wa yatsopanoyo musanatchule yakaleyo, apo ayi akupatsani ndi dzanja lamanja n'kulanda ndi lamanzere. Ngati ndalama ndi ya ngongole, musafunse kuti muzilipira zingati pamwezi. Funsani kuti pomaliza penipeni mudzakhala mutalipira zingati zonse pamodzi. Mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki sabwereketsa mwachifundo. Tengani quotation ziwiri, zitatu, za makampani osiyana, muziyale pa tebulo pamaso pa wogulitsayo. Akakana, nyamukani. Tulukani ndithu, muone ngati foni siilira musanafike pa Ginnery Corner. Safunsa adadya phula.

Tiwerengere limodzi, poti manambala sanama. Tiyerekeze kuti galimoto ndi ya K300 miliyoni. Mutalimba mtima n'kuchotsetsa 3 peresenti yokha, mwapulumutsa K9 miliyoni. Kwa mayi uja mudapulumutsa K800. Kuti K800 imeneyo ikwane K9 miliyoni, muyenera kuthamangitsa amayi ndi mabeseni maulendo 11,250. Mukuona kumene ndalama yanu ikutayikira? Thukuta la kunenerera mukulikhetsera pamalo pamene palibe chopulumutsa, ndipo pamene pali mamiliyoni mukumwa tiyi.

Ndikumva kale yankho lanu lachiwiri. "Ndalama ndi zanga. Ndidazivutikira ndekha. Ndikafuna kuzimwaza, iwe chikukukhudza n'chiyani?"

Makwacha ndi anu, sindikukana. Koma fakitale ya ku Durban silandira makwacha. Ya ku Japan ndiye siwadziwa n'komwe. Galimoto iliyonse yodutsa pachipata chathu idalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo ndalama zakunja dziko lino limazipeza movutikira: pa fodya makamaka, pa tiyi, pa shuga, pa nandolo ndi mbewu zina. Pitani ku okushoni ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu mukaone mmene dola imabadwira. Mlimi amaima pambali, ogula akudutsa pa belo lake. Iwo ndiwo amatchula mtengo, iwo ndiwo amakana belo, ndipo mlimiyo amabwerera kumudzi ndi zotsala akadula ngongole ya feteleza ndi mayendedwe. Dola yotuluka pamenepo ndi yomweyo imene ikufunika kugulira mafuta, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Kuyambira 2022 tagona kangati pa mizere ya mafuta? Inuyo simudagonepo m'galimoto yanu yokongolayo kudikira thanki ya dizilo? Mudaganiza kuti madola adapita kuti?

Ndikudziwa, kutsitsa phindu la wogulitsa wa ku Blantyre sikubweza madola amene atuluka kale. Koma kunenerera kwenikweni kumayamba musanafike pa nambala. Kumayamba ndi kudzifunsa ngati mukufunikadi Land Cruiser VX ya injini yaikulu pamene ulendo wanu ndi wochoka ku Namiwawa kupita ku ofesi, ndipo kumudzi mumapita pa maliro pokha. Kumayamba ndi kukana zokongoletsa zimene zidalowa m'dziko ndi madola. Munthu amene sadzifunsa zimenezi sakumwaza zake zokha. Ndipo ngati mwasankha kuyenda m'galimoto imene mudzi wonse ukuitembenukira, musadabwe mudziwo ukafunsa mafunso. Walira mvula walira matope.

Komabe wabizinesi wogula ndi thukuta lake ndingamusiye apa. Akatayika, watayika ndi zake. Mkwiyo wanga weniweni uli pa magalimoto a nambala za MG, ogulidwa ndi ndalama za anthu onse. Apa ndiye mawu oti "ndalama ndi zanga" sagwira ntchito mpang'ono pomwe. Ndalama ndi za mphunzitsi amene amadulidwa msonkho malipiro asanawaone. Ndi za namwino. Ndi za mayi yemwe uja, amene amalipira msonkho nthawi iliyonse akagula mayunitsi a foni. Ndiye ndifunse: boma likamagula magalimoto apamwamba, amene amatinenererera ndani? Dzina lake ndani? Adanyamukapo pa tebulo n'kunena kuti mtengo uwu Amalawi sangaukwanitse?

Mbiri yathu pa nkhani imeneyi ndi yomvetsa chisoni, ndipo siisankha chipani. Mu 2000 boma la a Bakili Muluzi lidagulira nduna magalimoto 39 a Mercedes-Benz, a ndalama pafupifupi madola 2.5 miliyoni. Dziko la Britain litakwinya nkhope, padatuluka lamulo loti agulitsidwe. Mu 2009 boma la a Bingu wa Mutharika lidagula ndege ya pulezidenti pa ndalama pafupifupi madola 22 miliyoni, ndipo Britain idadula gawo la thandizo lake. Mu 2012 a Joyce Banda atalowa m'boma adalengeza kuti ndegeyo ichoke pamodzi ndi magalimoto 60 a Mercedes-Benz, ndipo mu 2013 ndegeyo idapita pa madola 15 miliyoni. Taonani mmene timachitira malonda monga dziko. Pogula sitifunsa, pogulitsa tili pa liwiro. Ndipo chimene chimandiwawa koposa n'chakuti nthawi zonsezi kubwerera m'mbuyo kudachitika mlendo atadandaula. Mmalawi akalira, makutu amagontha. Wothandiza wakunja akatsokomola, magalimoto amagulitsidwa. Kodi eni ndalama ndani?

Palinso ichi. Ndati gawo la mtengo limene silinenerereka ndi msonkho. Kwa inu ndi ine n'zoona. Koma aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu ena a boma amaloledwa kulowetsa magalimoto osalipira msonkho wa pachipata. Gawo lokhalo limene munthu wamba sangalikhudze, iwo adalifufuta ndi cholembera. Mphunzitsi wa kuno akasonkha zaka zisanu n'kuitanitsa ka Vitz kapena ka Sienta kakale kuchokera ku Japan, amalipira msonkho wonse mpaka tambala yomaliza, ndipo kakachedwa kuomboledwa amalipiranso ndalama yosungira. Amene amakhazikitsa misonkhoyo amadutsa pachipata chomwecho ndi galimoto ya mtengo kuwirikiza kambirimbiri, chikwama chili chotseka. Ndiye musandiuze kuti akuluakulu a dziko lino sadziwa kunenerera. Amadziwa kwambiri. Amanenerera matumba awo, ndipo wogonja pamalondapo ndi dziko.

Mudzati, "Koma pali malamulo. Boma siligula ngati munthu wa pamsika. Pali ma tender." Inde alipo. Lamulo la kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma lilipo, bungwe la PPDA lilipo, makomiti ogula zinthu ali mu unduna uliwonse ndi m'khonsolo iliyonse. Cholinga chake n'chabwino: makampani apikisane, boma lisankhe mtengo wabwino. Boma ndi limodzi mwa ogula akuluakulu a magalimoto atsopano m'dziko muno. Wogula khumi, makumi awiri, makumi asanu pakamodzi amayenera kulamula mtengo, wogulitsa n'kumuthamangira. Koma pepala silinenerera. Amanenerera ndi munthu amene ndalamayo ikumuwawa. Wosaina amene akudziwa kuti galimotoyo akwera ndi iye, koma kulipira alipira ena, angaumirire bwanji kuti mtengo utsike? Iye akufuna yamipando yachikopa, yomweyo imene mnzake wa unduna wina adapatsidwa, kapena yoposa pamenepo.

Ndipo pamene katangale walowa, kunenerera kumatembenuka. Kukambirana kumakhala kokweza mtengo, kuti pamwambapo pakhale ya wosaina. Sindikunena kuti aliyense wa m'boma ndi wotero. Ndikudziwa kuti alipo okhulupirika amene amavutika mumtima ndi zimene amaona. Koma musatiyese ana. Tidaona Cashgate mu 2013, pamene ndalama za boma zinkalipiridwa pa katundu amene sadaperekedwe, ndipo mitolo ya makwacha inkapezeka m'mabuti a magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Amene adalumidwapo ndi njoka ali ndi ufulu wofunsa chimene chili m'thumba.

Mu November 2023, kwacha itagwa, pulezidenti wa nthawiyo a Lazarus Chakwera adaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma ndi kudula pakati mafuta a nduna ndi akuluakulu ena. Zidali zoyenera. Koma mafuta ndi mchira chabe. Mutu wa nkhani ndi galimoto yomwe ikumwa mafutawo. Mukagula ya injini yaikulu lero, mwasainira mafuta ake, matayala ake, sevisi yake ndi inshulansi yake kwa zaka zonse zimene idzayende. Kulakwa kwa tsiku limodzi mu ofesi yogula zinthu, dziko limakulipira zaka zisanu. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma kwathu kuno zatembenuka: adya ndi akuluakulu, kupotedwa tikupotedwa ndife.

"Misewu yathu ndi yoipa," mudzatero. "Nduna kapena mlembi wamkulu sangafike kumidzi pa galimoto yaing'ono." Mukuuza ife za misewu yoipa? Ife amene timadziwa mmene ulendo wa ku Thambani kapena ku Kunenekude umakhalira mvula ikagwa? Ife amene anansi athu a ku Neno, boma limene lidapatuka kwa ife mu 2003, akhala zaka ndi zaka akulirira msewu wa phula? Misewu ndi yoipa, inde. Woyenera kuikonza ndani? Si yemweyo amene akuti mumugulire galimoto yoti asamamve mabampu? Mukamupatsa yoyenda ngati ili pa thonje, msewuwo adzaukumbukira liti?

Ndipo taonani ambulansi zimene zimayenda m'misewu yomweyo. Zambiri ndi Land Cruiser, koma ya mtundu wamba, yolimba, yopanda chikopa, yopanda wailesi ya kanema kumbuyo. Imanyamula mayi amene wavutika pobereka, usiku, m'matope, n'kukamufikitsa kuchipatala cha boma. Ngati galimoto imeneyo ikukwanira kunyamula moyo wa anthu awiri pakamodzi, ikulephera bwanji kunyamula munthu mmodzi ndi chikwama cha mapepala? Ndiyankheni pamenepa. Musandiuze za chitetezo, musandiuze za ulemu wa udindo. Ulemu wa udindo ndi ntchito imene mwagwira mutatsika m'galimotomo. Ndalama yosiyanitsa VX ndi Land Cruiser wamba si yochepa, ndipo chipatala chilichonse chaching'ono cha kumudzi chingakuuzeni lero lomwe chimene chingachite nayo.

Zikafika apa pamatsala chida chimodzi, chimene amatulutsa onse amene mfundo zawathera. "Ndi nsanje. Amalawi simufuna kuona mnzanu atatukuka." Mawu amenewa atseka pakamwa anthu ambiri m'dziko muno, ndipo ine sanditseka. Nsanje ndi kufuna kuti mnzako asakhale ndi chake. Ine sindikufuna galimoto ya munthu. Wabizinesi agule, ayende, asangalale, ndimufunira zabwino, ndipo ndamuuza kale mmene angapulumutsire mamiliyoni ake. Chimene ndikukana ndi kugwiritsa ntchito mphamvu pofinya wosauka uku ukugwadira wolemera. Chimene ndikufunsa ndi lisiti la zinthu zimene zagulidwa ndi ndalama zanga. Kodi mukatuma mwana ku golosale n'kumufunsa chenji, ndiye kuti mukumuchitira nsanje? Nanga bwanji funso lomwelo likapita ku Capital Hill limasanduka nsanje?

Ena adzati nkhani imeneyi ndi ya anthu a m'tauni, ife a ku Mwanza tilibe nayo gawo. Ayi ndithu. Msonkho wochuluka wa katundu wolowa m'dziko lino umatoleredwa pachipata chathu. Mathiraki olemera amene amabweretsa katunduyo amaswa msewu wathu. Timaona zolowa, timaona zotuluka, ndipo timadziwa kusiyana kwake: kutuluka fodya, tiyi ndi nandolo, kulowa magalimoto onyezimira. Ngati pali anthu oyenera kufunsa za mtengo wa zinthu zimenezi, ndife amene timapuma fumbi lake.

Ndiye nazi zimene ndikufuna, ndipo si zovuta. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Tisalisiye ligone m'kabati. Galimoto iliyonse yogulidwa ndi ndalama za boma, kaya ndi ya unduna, ya kampani ya boma kapena ya khonsolo, ilembedwe poyera: ndi ya mtundu wanji, akwera ndani, makampani amene adapikisana adali angati, mtengo woyamba umene adatchula udali wotani, ndipo mtengo umene boma lidalipira ndi wotani. Mayina a amene adakhala mu komiti yogulayo alembedwenso. Zimenezi zituluke m'nyuzipepala, ziwerengedwe pa wailesi, zimatidwe pa bolodi la ku ofesi ya DC kuti wodutsa aliyense aziona.

Aphungu athu a kuno ku Mwanza, makhansala athu, mafumu athu a kwa Kanduku ndi kwa Nthache, funso ili likudutsa m'manja mwanu. Aphungu, mukaima m'Nyumba ya Malamulo pa nthawi ya bajeti, funsani kuti ndalama ya magalimoto atsopano ndi zingati ndipo akugulira yani. Funsaninso kuti msonkho umene dziko limataya pa magalimoto olowa ulere, kuphatikizapo anu omwe, umakwana zingati pachaka. Mukabwera kuno ku msonkhano, mubwere ndi manambalawo papepala. Ndipo paliponse pamene mtengo woyamba ndi mtengo womaliza zidzapezeke zofanana, kapena womalizawo uli pamwamba, amene adasainayo aitanidwe ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za ndalama za boma, afotokoze pa wailesi, dziko lonse likumva, chifukwa chimene sadachotsetse ngakhale tambala imodzi.